Mwase analembera m'ndende, Che Abdallah ku Unangu: akamati "ife" ankanena ndani?

Sabata ino a admin akuti ndi nthawi yanga, nde ndipepeseretu kuti nkhani yatalika. Amene bandulo ikuthera musunge kaye, mudzawerenge usiku.

Ine ntchito yanga imandigwiritsa nkhope za anthu akufa tsiku lonse. Madzulo ndikalongedza usipa wotsala n'kukhala pansi kuwerengera za tsikulo, amene amatuluka m'kachikwama ka m'chiuno ndi awa: Inkosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi Gomani II pa K50, James Sangala pa K100, mayi Rose Chibambo pa K200, John Chilembwe pa K500 ndi pa K2,000, Kamuzu pa K1,000 ndi pa K5,000. Amsinkhu wanga mukukumbuka kuti tikukula ndalama zonse za pepala zinali ndi Chilembwe yekha, mpaka 2012 pamene anawonjezera enawa. Boma likamasankha nkhope zoika pa ndalama limakhala likulemba buku la mbiri, ndipo ndi buku lokhalo limene Mmalawi aliyense amaligwira, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Tsiku lina mwana wanga wa Sitandade 6 akundithandiza kusanja anandifunsa kuti, "Amayi, nanga wa kuno ku Mangochi ali pa ndalama iti?" Ndinati palibe. Anati chifukwa? Ndinamutuma kukatunga madzi.

Funso limenelo ndi limene landiwerengetsa mabuku awiri miyezi yapitayi. Loyamba ndi la George Simeon Mwase, Strike a Blow and Die. Lachiwiri ndi la Yohanna Abdallah, Chiikala cha Wayao. Onse ndinabwereka kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene amagula ndiwo kwa ine, ndipo ndi ofotokopa, masamba ena ofufutika m'mphepete. Palibe mwa mabukuwa limene linalembedwa kuti liyankhe mwana wanga, koma ukawaika pamodzi amakuonetsa kuti mtima uwu timati wokonda dziko sunagwe kumwamba. Unachita kuumbidwa, ndipo oumba ake sankagwirizana kuti dzikolo ndi liti.

Ndiyambe ndi Mwase chifukwa ndi amene anandisowetsa tulo. Munthuyu anali Mtonga wa ku Nkhata Bay. Anagwirapo ukalaliki m'boma la atsamunda, anachitapo malonda, ndipo mu 1927 anali mmodzi mwa oyambitsa Central Province Native Association ku Lilongwe. Mu 1931 anamangidwa pa mlandu wa ndalama za msonkho n'kutsekeredwa ku ndende ya Zomba. Kumeneko anakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu a Chilembwe amene anali akugwirabe ukaidi kuchokera 1915. Zimene anamva kwa Kampingo, kusakaniza ndi maganizo akeake, ndi zimene analemba. Mapepalawo anagona m'nkhokwe ya boma ku Zomba zaka pafupifupi 30, mpaka Robert Rotberg wa ku America anawapeza n'kuwasindikiza mu 1967. Mwase anali atamwalira mu 1962. Buku lake sanaligwire m'manja.

Chinthu choyamba chimene ndikufuna muone ndi dzina. Dzina lamoto limeneli, loti menya kamodzi ufe, si limene Mwase anapatsa ntchito yake. Iye ankaitcha Dialogue, kukambirana, ndipo mutu wake wautali umanena za zakale ndi zatsopano za dziko lonse la Nyasaland. Wosindikiza ndi amene anatola mawu otentha kwambiri m'katimo n'kuwaika pachikuto. Sindikumuda, nanenso pamsika nsomba zazikulu ndimaika pamwamba pa mulu. Koma wogula akafika kunyumba amapeza kuti pansi pali zina. Ukatsegula bukuli ukuyembekeza mfuti zokhazokha, umapeza munthu akudzifunsa n'kumadziyankha, akuyamikira apa, akudandaula apo, mpaka kufotokoza za moyo wa m'ndende momwe iye anali. Chingerezi chake ndi cha kalaliki wa nthawi imeneyo, ziganizo zazitali, zina zopindika moti umabwerera kawiri. Koma chili ndi mpweya. Umamva kuti munthuyu akuganiza m'chinenero cha kwawo, Chingerezicho wangochibwereka ngati jekete ya paukwati.

Chilembwe wa Mwase ndi munthu wodziwa kuti sapambana. Asonkhanitsa anthu ake, awauza kuti azungu sangagonjetsedwe, koma magazi awo adzachititsa boma kuona kuti nkhanza za m'minda ya azungu zafika posauzana. Awalamula kuti akazi ndi ana asawakhudze. Mwase amamufanizira ndi John Brown, mzungu wa ku America amene anaukira ukapolo mu 1859 n'kupachikidwa, ku Virginia komwe Chilembwe anakaphunzira ubusa Joseph Booth atamutengera kumeneko mu 1897. Chithunzi chimenechi ndi chokongola, ndipo ndi chomwecho chimene timachimva m'ndakatulo zathu chaka chilichonse pa 15 Januwale. Ambiri amene amalemba ndakatulozo Mwase sanamuwerengepo, koma akumwa madzi a pachitsime chake.

Nde apa ndi pamene ine ndikukanira pang'ono. Mwase ku Mbombwe kunalibe. Anamva nkhaniyi patatha zaka 16, kwa mkaidi mmodzi, n'kuilemba m'Chingerezi, mawu a Chilembwe ali m'kamwa mwa munthu wachitatu. Ife a pamsika tikudziwa mmene nkhani imayendera. Bwato likagubuduka ku doko m'mawa, ikamafika nkhaniyo pa Makawa masana mabwato akhala atatu. Ndiponso zimene zinachitika zenizeni sizikugwirizana bwinobwino ndi munthu wongofuna kufa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 gulu lina linapita ku Magomero, kumene linapha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya mfuti ya Mandala. Ku Ntcheu kunali Filipo Chinyama amene anapangana naye kuti aukire nthawi yomweyo. Kalata inatumizidwa mpaka kwa Majeremani. Ndipo zinthu zitavuta Chilembwe sanakhale m'tchalitchi kudikira, anathawira cha ku malire a Mozambique, kumene anawomberedwa pa 3 Febuluwale. Munthu wongofuna kufa satuma anthu kukatenga mfuti zambiri, salembera kalata adani a mdani wake. Ine ndikuona munthu amene ankayembekeza kuti mwina zitheka. Zimenezi sizimuchepetsa. Kwa ine zimamubweza kukhala munthu, osati chithunzi cha pa guwa. Za akazi ndi ana zokha Mwase sananame: azimayi achizungu amene anagwidwa ku Magomero anamasulidwa osavulazidwa.

Ndiye kodi bukuli ndi lachabe? Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ngati umboni wa 1915, buku la Mwase ndi lopendekeka. Koma ngati umboni wa 1932, palibe lina lolipambana. Taganizani. Mtonga wa kumpoto, amene ndale zake anachitira ku Lilongwe, wakhala m'ndende ku Zomba, akulemba za mbusa wa ku Chiradzulu amene ambiri mwa omutsatira anali Alomwe obwera kumene kuchokera ku Mozambique, ndipo akumutenga ngati wake. Sakunena kuti uyu anafera anthu a ku Chiradzulu. Akunena kuti anafera anthu akuda a dziko lino. Mu 1915 anthu ambiri a m'dziko muno sanadzuke naye Chilembwe, mafumu ambiri anaima ndi boma, ena anathandiza kusaka othawa. Chilembwe wa tonse uja, wa pa K500, sanabadwire ku Mbombwe. Mbali yaikulu anabadwira m'ndende ya Zomba, pa pepala la kalaliki womangidwa chifukwa cha ndalama za msonkho. Zoseketsa eti, koma ndi momwemo.

Chimene chimavutitsa anthu ena ndi chakuti Mwase yemweyo amayamikira ulamuliro wa Angerezi. Amaona kuti unathetsa nkhondo za mitundu ndi kugwira akapolo. Mkwiyo wake uli pa azungu a minda, pa thangata, pa kunyozedwa kwa munthu wakuda wophunzira. Ndipo kumapeto a moyo wake, anyamata a Congress atayamba kufuna ufulu wonse, iye anapatuka n'kukhala mbali ya chitaganya, mbali ya anthu amene nthawi imeneyo ankanyozedwa kuti akapirikoni. Wina anganene kuti basi, munthuyu anali wamitima iwiri, tisamuwerenge. Ine ndimamukhulupirira kwambiri pamene akudzitsutsa kusiyana ndi pamene akulalikira. Chifukwa oyamba onse aja anali otero. Mabungwe aja timaloweza ku sekondale, North Nyasa Native Association ya 1912 kumene kunali Levi Mumba, West Nyasa ya 1914, Mombera ya 1920, sankapempha kuti mzungu achoke. Anali aphunzitsi, abusa, makalaliki ndi mafumu ena, ankakumana, kulemba mfundo m'Chingerezi chaulemu, kutumiza kwa bwanamkubwa: tikufuna sukulu zabwino, misewu, msonkho uchepe, apolisi asatizunze. Ankafuna mpando m'nyumba ya mzungu. Zoti nyumbayo ndi yawo zinabwera pambuyo.

Ku sukulu anatiphunzitsa nkhaniyi ngati msewu wa tala wowongoka. Mafumu anakana azungu, kenako Chilembwe, kenako mabungwe, kenako Nyasaland African Congress mu 1944 ndi Levi Mumba ndi James Sangala, kenako Kamuzu mu 1958, kenako mbendera mu 1964. Ukayankha choncho pa mayeso umakhoza. Koma msewu umenewu anaulambula ndi anthu amene anali atafika kale, akuyang'ana m'mbuyo. Amene ankayenda nthawi imeneyo ankaona tinjira tambirimbiri. Eliot Kamwana mu 1908 ndi 1909 ankabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay akulalikira ufumu watsopano wopanda msonkho, ndipo dziko limene iye ankanena silinali Nyasaland. Clements Kadalie wa ku Chifira anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo "ife" wake anali antchito akuda onse a kumwera kwa Africa. Isa Macdonald Lawrence anamangidwa mu 1926 chifukwa cholowetsa m'dziko muno nyuzipepala ya Marcus Garvey, ndipo kwa a Garvey "ife" anali munthu wakuda aliyense pa dziko lapansi. Nyasaland inali yankho limodzi chabe mwa mayankho ambiri. Ndipo tisaiwale kuti malire ake anajambula ndi Angerezi, Apwitikizi ndi Majeremani cha m'ma 1890 ndi 1891, dzina loti Nyasaland n'kubwera mu 1907. Ngakhale kwawo kwa azunguwo zinthuzi zinali zatsopano. Germany inakhala dziko limodzi mu 1871, zaka 20 zokha Harry Johnston asanafike ndi mfuti kwa Mponda.

Nanga chinachititsa n'chiyani kuti Mtonga, Mlomwe ndi Mngoni ayambe kudzimva kuti ndi amodzi? Mwase sayankha mwachindunji, koma moyo wake ukuyankha. Msonkho unali umodzi, ndipo unakonzedwa mochenjera moti wogwira ntchito kwa mzungu ankalipira theka. Ndende inali imodzi. Ofesi ya boma inkasamutsa kalaliki kuchoka ku Chintheche kupita ku Lilongwe kapena ku Zomba, nde amayamba kuona dziko lonse ngati munda umodzi. Koma chachikulu, ine ndikuganiza, ndi ulendo. Amene anapita ku migodi ndi ku mapulazi a ku Salisbury ndi ku Joni, kumeneko palibe ankawafunsa kuti ndiwe wa mfumu iti. Onse anali Anyasa. Ku Zimbabwe mpaka ankawatcha Mabhurandaya, kunena a ku Blantyre, ngakhale munthuyo Blantyre sanapondeko. Dzina limene unapatsidwa monyozedwa umayamba kulivala, chifukwa ukadwala amene akuphikire phala ndi Mnyasa mnzako, ukafa amene asonkhe za bokosi ndi yemweyo. Izi ife a ku Mangochi sitichita kuwerenga m'buku. Achimwene anga ali ku Johannesburg. Kuno kwathu ankati iwo ndi Mchawa, Amalawi ndi aja a ku Lilongwe odya misonkho. Atakhalako chaka chimodzi anayamba kuika mbendera pa WhatsApp. Mu 2015 mabasi atabweretsa anthu othawa zipolowe za kumeneko, ambiri anali a boma lino, ndipo owathamangitsawo sankafunsa mtundu.

Tsopano buku lachiwiri. Yohanna Abdallah anali wansembe wa Anglican, wa mishoni ya UMCA. Anaphunzira ku Zanzibar, anatumikira zaka zambiri ku Unangu m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo buku lake linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, Chiyao pamodzi ndi Chingerezi chimene anamasulira Meredith Sanderson. Mwaona kale? Munthu mmodzi, maiko atatu a lero, koma kwa iye linali dziko limodzi, dziko la Ayao. Chiyao ndimayankhula tsiku lililonse koma kuwerenga chinandivuta, nde ndinkawerenga mokweza azakhali anga akumvetsera n'kumandikonza katchulidwe. Penapake ankaseka, penapake ankangoti zii.

Che Abdallah amalemba bwino kuposa Mwase, izi ndinene mosabisa. Akulemba m'chinenero chake, sakupempha chilolezo kwa wina aliyense. Amayamba ndi phiri la Yao kumene mtundu unachokera, n'kufotokoza mmene unagawikira, Amasaninga, Amachinga, Amangoche ndi ena, aliyense kutenga dzina la phiri limene anakhalapo. Amafotokoza za Achisi osula zitsulo amene ankayenda ndi makasu kukagulitsa, mpaka njira inatseguka yofika ku nyanja yamchere, ku Kilwa, kumene kunkachokera nsalu ndi mikanda. Ine monga wageni gawo limeneli linandikoma kwambiri, chifukwa kawirikawiri mbiri imakamba za nkhondo ngati kuti anthu ankadya mikondo. Apa ukuona mtundu ukudzipanga ndi malonda, munthu akulemekezeka chifukwa wayenda n'kubwerako ndi katundu. Anyamata athu okwera mabasi a ku Joni sanayambe zachilendo. Kenako amafika pa mafumu akuluakulu, a Mataka ndi a Makanjila. Cholinga chake chikuonekeratu: Myao adziwe kumene anachokera, asadzione wachabe pamaso pa mzungu kapena pa Mswahili.

Kodi uku si kukonda dziko? Ine ndikuti ndi komweko, kungoti dziko lake ndi lina. Zonse zimene timati zimapanga fuko zilimo: chiyambi chimodzi, chinenero chimodzi, makolo otchuka, nthawi yabwino imene inatayika. Ndipo sanali yekha. Yesaya Chibambo analemba za Angoni, Samuel Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo, asanalembe mbiri ya Nyasaland, anayamba alemba mbiri ya mitundu yawo. Ena mwa iwo m'mawa ali ku msonkhano wa Association kunena za anthu akuda onse, madzulo akulemba za ukulu wa mtundu wawo, ndipo sankaona kuti pali kutsutsana. Zimene tikuona lero za Chiwanja cha Ayao, Mulhako wa Alhomwe, Kulamba ndi Umthetho, anthu n'kumadandaula kuti zikugawa dziko, mizu yake ndi yakale mofanana ndi mizu ya Congress. Zinamera m'munda umodzi, nyengo imodzi.

Koma Che Abdallah ndili nawo mlandu. Katundu amene ankapita ku Kilwa sanali makasu ndi minyanga yokha. Munali anthu. Bukuli silibisa kuti mafumu ankagwira ndi kugulitsa anthu, koma diso lake lili pa mfumu, pa kulimba mtima kwake ndi kukula kwa mudzi wake. Wogwidwayo alibe dzina, alibe mawu. Ine bambo anga ndi Myao, koma amayi anga ndi a Anyanja a m'mbali mwa nyanja muno, amene Ayao anawapeza. Agogo anga aakazi ankatiuza kuti makolo awo ankagona m'mabango ndi pa zilumba kuthawa ogwira anthu. Nde ndikamawerenga za ulemerero wa mafumu, theka la magazi anga likunyada, theka lina lili m'mabango. Buku la mtundu limakhala choncho nthawi zonse: kuti "ife" aoneke wamkulu, wina ayenera kukhala chete. Chinanso, ndi boma la atsamunda limene linasindikiza bukuli pa makina ake, zaka zinayi zokha chichitikire za Chilembwe. Ine sindikhulupirira kuti zinangochitika. Boma limene langoopsedwa ndi mbusa wophunzira wosonkhanitsa mitundu yosiyanasiyana lingakonde kwambiri buku lokumbutsa anthu kuti aliyense ali ndi mtundu wake ndi mfumu yake. Sindikunena kuti Che Abdallah analembera boma. Ndikunena kuti boma linadziwa chimene linkagula.

Apa ndiye tafika pa funso la mwana wanga. Kunena zoona, kuno kwathu ndi kumene azungu anakumana ndi mfuti zenizeni. Mu 1891 Johnston anamenyana ndi Mponda n'kumanga linga limene linadzakhala Fort Johnston, Mangochi wa lero. Mu Disembala chaka chomwecho anthu a Makanjila anapha Captain Cecil Maguire panyanja. Mu 1892 Jalasi anabweza asilikali a boma pa phiri la Mangochi mpaka kuwalanda mzinga, ndipo anadzagonja mu 1895. Zaka zinayi akulimbana. Nanga bwanji sali pa ndalama, pamene Angoni alipo awiri? Ena anganene kuti ndi tsankho, ndipo pamsika ndamva akutero. Koma tifunsenso kuti mafumuwa ankateteza chiyani. Ankateteza ufumu wawo, madoko awo ndi njira ya ku nyanja yamchere, ndipo pa njira imeneyo pankadutsa akapolo. Kukana mzungu ndi kumenyera dziko si chinthu chimodzi nthawi zonse. Makanjila akanamva zoti iye ndi Mngoni wa kwa Gomani ndi fuko limodzi akanaseka. Ndingakonde ana athu aphunzire za Jalasi mokwanira, aone linga lija pa phiri, koma aphunzire zonse, za mzinga ndi za magoli zomwe.

Ndipo pali china chimene sitikonda kukamba. Atagonja mafumu aja, ana awo ndi amene anadzaza usilikali wa mzungu. Ayao anali msana wa KAR. Mukafika pa boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria, pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Timaidutsa tikupita kukaoda katundu, alendo amajambulitsapo. Nkhondo imene sitima imeneyo inatsegula panyanja pano ndi yomweyo imene Chilembwe anailembera kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto a 1914, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Amene ankawadandaulirawo, asilikali ndi amtengatenga, ambiri anali agogo athu. Koma pamene iye anadzuka, agogo athu ambiri anali atavala yunifolomu ya mbali inayo. Mwase sakhalitsa pa mfundo imeneyi, ndipo ndakatulo zathu za pa 15 Januwale siziyandikirako n'komwe.

Chifukwa china n'chosavuta, ndipo chimandipweteka kuposa zonsezi. Kukonda dziko kwa mtundu wa Mwase kunkafuna pensulo. Mabungwe aja anali a anthu otha kulemba kalata ya Chingerezi, ndipo Chingerezi chinkapezeka ku sukulu za mishoni, ku Livingstonia, ku Blantyre, ku Nkhoma. Makolo achisilamu kuno ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akamubatiza n'kumudyetsa zosayenera, ndipo mantha awo sanali opanda pake. Ana anapita ku madrasa, anadziwa Kurani ndi zilembo za Chiarabu, koma bwanamkubwa sankawerenga zimenezo. Ndiye pamene a kumpoto ankatulutsa makalaliki ndi aphunzitsi odzaza maofesi a Zomba, ife tinkatulutsa asilikali, atelala, ophika ndi asodzi. Si kuti analibe maganizo. Maganizo awo sanalowe m'faelo. Onani kuti ngakhale mbiri ya Ayao, anthu amene ambiri ndi Asilamu, anailemba ndi wansembe wachikhristu. Onaninso kuti munthu wa dera lino amene dzina lake linamveka dziko lonse pa ndale za ufulu, Henry Masauko Chipembere, anali mwana wa wansembe wa Anglican wa ku Malindi. Iyeyo bwenzi ali yankho la mwana wanga, koma nkhani yake inakathera pa Febuluwale 1965, pamene anaukira boma la Kamuzu kuyambira pa Fort Johnston n'kukatsekeredwa njira pa doko la Liwonde. Imeneyo ndi nkhani ya sabata ina, ndipo pali akuluakulu m'gulu lino amene makolo awo anaiona ndi maso.

Za amayi ndingonena mwachidule chifukwa mabuku onse awiri nawonso anena mwachidule. Kwa Mwase akazi ndi anthu oti asavulazidwe. Kwa Che Abdallah, pa nkhani za mafumu, amaoneka kwambiri ngati chuma cha mfumu, ngakhale kuti kwa Ayao mbumba ndi ufumu zimayenda kuchikazi. Koma msonkho wa nyumba unkagwera pa khomo, ndipo mwamuna akapita ku Salisbury wotsala pa khomopo kuyang'anizana ndi mesenjala wa boma anali mkazi. Amene ankalima m'munda mwamuna ali ku thangata anali mkazi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, timatero, koma m'mabukumu amene anamva m'mimba kwambiri sakuoneka akutsekula kalikonse. Pa ndalama zisanu ndi zitatu mayi ndi mmodzi.

Ngati mukufuna kuwerenga limodzi lokha, ine ndingati yambani ndi Mwase, koma muyambire kumbuyo, ku masamba a za ndende ndi za boma la Angerezi, kenako mubwerere kwa Chilembwe. Mukatero mawu otchuka aja mudzawamva ngati mawu a mkaidi wa 1932 amene akufuna kuti boma limuwerenge, limumvere, koma lisamuonjezere zaka. La Che Abdallah musawerenge nokha chamumtima. Pezani wachikulire wodziwa Chiyao chakale, muwerenge mokweza, ndipo iye akasiya kuseka mufunseni chifukwa chake.

Pempho langa kwa alakatuli a m'gulu lino ndi ili. Januwale akubwerayu tidzalandiranso ndakatulo makumi angapo za Chilembwe, zonse za magazi ndi nsembe. Wina atilembereko ya Wallace Kampingo, munthu amene anakhala m'ndende zaka 16 akusunga nkhani mpaka anapeza woiuza. Kapena ya msilikali wa kwa Mponda amene anatumidwa ku Mbombwe. Mwana wanga ndinadzamuyankha patapita sabata, tikusanjanso ndalama. Ndinamuuza za Jalasi, za mabango a agogo, ndi za Chipembere. Anamvetsera, kenako anafunsa ngati K20 ikugulabe kanthu. Mabukuwa ndibweza Loweruka. Eni ake avomera kuti wina abwereke, bola asanyowe, nde amene ali pafupi ndi Makokola auze a admin.